Kupopera Vanishi pa Mipando: Kusankha Zida ndi Kuzigwiritsa Ntchito

Gani yopopera vanishi imagwira ntchito imodzi yokha. Imaphwanya vanishi kapena penti kukhala timadontho tating'ono kwambiri, n'kutiulutsira pa thabwa kuti tikagwirane tisanaume. Timadonthoto tikafika tili tonyowa ndiponso tofanana kukula, thabwa limasalala mwa njira imene bulashi singathe. Bulashi imasiya mizere ya ubweya wake, imaunjika vanishi m'makona, ndipo pa vanishi wouma msanga monga lacquer imangokakamira, chifukwa pomwe mmisiri azibweza dzanja, pamene wadutsa poyamba pamakhala patayamba kale kuuma. N'chifukwa chake akalipentala ambiri, kuyambira m'mafakitale a mipando mpaka m'mashedi a ku Mchesi ndi ku Ndirande, amafuna kukhala ndi gani yawoyawo ntchito ikayamba kuwayendera.

Chipangizochi chinabadwira ku America. Mu 1887, Joseph Binks, yemwe ankayang'anira zokonzakonza pa sitolo yaikulu ya Marshall Field mumzinda wa Chicago, anapanga makina opoperera laimu m'zipinda zapansi za sitoloyo. Chaka chotsatira, mu 1888, dokotala wa mumzinda wa Toledo, Allen DeVilbiss, anapanga kachipangizo kopoperera mankhwala kukhosi kwa odwala, ndipo mu 1907 mwana wake Thomas anakasintha kukhala gani ya penti. Ntchitoyi inakula m'zaka za m'ma 1920, kampani ya DuPont itatulutsa lacquer wotchedwa Duco. Galimoto yomwe inkadikira masabata kuti penti wa bulashi aume inayamba kuuma m'maola ochepa, ndipo opanga mipando anatengera njira yomweyo. Mayina a Binks ndi DeVilbiss akadalembedwabe pa magani mpaka lero.

Mkati mwa gani mulibe zambiri. Kutsogolo kuli nozo, kabowo kotulukira vanishi. Nozoyo imatsekedwa ndi singano yaitali yomwe imabwerera m'mbuyo mmisiri akakoka chokokera. Pamwamba pa nozo pamavalidwa chivundikiro cha mpweya chokhala ndi tinyanga tiwiri. Mabowo a pakati pa chivundikirocho ndi amene amaphwanya vanishi, pomwe mabowo a pa tinyangato amafinya nkhungu ya vanishiyo kuti ituluke yotambalala, osati yozungulira. Palinso zopotokola zitatu: china chimachepetsa kapena kuwonjezera vanishi, china chimakulitsa kutambalala kwa nkhungu, china chimalamulira mpweya. Chokokera chikakokedwa pang'ono pamatuluka mpweya wokha, chikakokedwa mpaka kumapeto vanishi amatuluka.

Magani amasiyana choyamba ndi pomwe pali kapu ya vanishi. Ena kapu ili pamwamba, nthawi zambiri ya mamililita 600, ndipo vanishi amatsika yekha. Gani yotereyi siifuna mpweya wambiri wokokera vanishi, imamaliza mpaka dontho lomaliza, komanso siivuta kutsuka. Ena kapu ili pansi, ya lita imodzi, ndipo mpweya ndi umene umayamwa vanishi kudzera m'kapaipi. Imeneyi imanyamula wambiri koma imalemera, ndiponso imavutika ndi vanishi wokhuthala. Pa mipando ya m'nyumba, ya kapu pamwamba ndiyo yabwino kuyamba nayo.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mpweya. Gani yachikale imagwiritsa ntchito puresha yaikulu, ma bar 3 kapena 4. Imaphwanya vanishi bwino kwambiri, koma nkhunguyo imafika pa thabwa mothamanga moti yambiri imanjanja n'kuuluka. Vanishi amene amakhaladi pa thabwa amangokhala gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso osakwana. Gani ya HVLP, kutanthauza mpweya wochuluka koma wa puresha yochepa, imatulutsa mpweya wosapitirira 0.7 bar pa chivundikiro, ndipo inapangidwa kuti magawo 65 pa 100 alionse a vanishi afike pa thabwa. Magani amenewa anafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malamulo oteteza mpweya ku California atayamba kukakamiza opopera kuchepetsa zouluka. Phindu lake limaonekera m'thumba. Pa chitini cha malita 5, gani yachikale imaika pa thabwa lita imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, pomwe ya HVLP imaikapo malita opitirira 3. Wotsalayo amathera pansi, pa khoma, ndi m'mapapo mwa wopopera.

Apa ndi pamene ambiri amagulira chinthu chosawathandiza. Gani siisankhidwa payokha, imasankhidwa potengera mpweya umene ulipo. Gani ya HVLP yoyendera kompuresa imadya mpweya wa malita 300 mpaka 450 pa mphindi. Kompuresa yaing'ono yopezeka m'masitolo ambiri a hadiweya, ya thanki ya malita 50 ndi mota ya mahatchi awiri, siifika pamenepo. Nambala yolembedwa pa chikwangwani chake kawirikawiri imakhala ya mpweya umene pisitoni imakoka, osati umene umatulukadi ku paipi, ndipo wotulukawo umachepa ndithu. Wogula afunse nambala ya mpweya wotuluka, yomwe imalembedwa kuti FAD. Ngati yalembedwa mu CFM, CFM imodzi ndi malita pafupifupi 28 pa mphindi. Kukula kwa thanki kusapusitse munthu, chifukwa thanki imangosunga, siipanga mpweya. Gani ikamadya woposa umene kompuresa ikupanga, zonse zimayenda bwino mphindi imodzi kapena ziwiri zoyamba, kenako puresha imatsika, nkhungu imayamba kutuluka yamadontho akuluakulu, ndipo izi zimachitika mmisiri ali pakati pa tebulo, pomwe sangaime.

Mmisiri yemwe ali kale ndi kompuresa yaing'ono achita bwino kufuna gani ya LVLP, yomwe imadya mpweya wochepa, ena mwa maganiwa osapitirira malita 200 pa mphindi. Imapopera pang'onopang'ono ndipo nkhungu yake siitambalala kwambiri, koma pa mipando, mashelefu ndi zitseko za makabati imakwanira.

Palinso njira ina yosafuna kompuresa. Makina a HVLP a turbine ndi kabokosi konyamulika m'manja komwe muli mafani ozungulira mothamanga, kotumiza mpweya ku gani kudzera m'paipi yaikulu. Mulibe thanki, mulibe oilo, ndipo mpweya wake ndi wouma ndi wofunda. Mphamvu yake imawerengedwa ndi kuchuluka kwa mafaniwo: atatu amakwanira lacquer ndi vanishi wopyapyala, anayi kapena asanu ndiwo amatha penti wokhuthala. Makinawa ndi othandiza kwa mmisiri wokaika makabati a m'khitchini kunyumba kwa kasitomala. Sangapope matayala kapena kuyendetsa chida china chilichonse, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Makina a airless, amene amakankha penti ndi pampu pa puresha yopitirira ma bar 100 popanda mpweya, ndi a makoma, madenga ndi zitseko zambirimbiri. Pa mpando wa miyendo inayi amangomwaza penti.

Kompuresa imafuna magetsi okhazikika a 230 V. Mota yake ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, choncho jenereta yoiyendetsa magetsi akazima iyenera kukhala yaikulu kuposa nambala yolembedwa pa motayo. Chingwe cha magetsi chachitali ndi chopyapyala chimafoola mota mpaka kuiotcha. Ndi bwino kutalikitsa paipi ya mpweya kusiyana n'kutalikitsa chingwe, bola paipiyo ikhale ya mamilimita 8 kapena kuposa mkati mwake, chifukwa yopapatiza imadya puresha isanafike ku gani.

Mpweya wa kompuresa umabwera ndi madzi. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukamazizira m'thanki chinyezi chake chimasanduka madzi. Pansi pa thanki pali kapopi kotulutsira madziwo, ndipo kayenera kutsegulidwa tsiku lililonse poweruka. M'nyengo ya mvula mumatuluka madzi adzimbiri oti n'kudzaza kapu. Thanki yosatsegulidwa imachita dzimbiri mkati, ndipo thanki yodyeka ndi dzimbiri ingathe kuphulika. Pamafunikanso sefa yogwira madzi ndi oilo, yomangidwa mamita angapo kuchokera pa kompuresa kuti mpweya uyambe wazizira. Ikamangidwa pakamwa penipeni pa kompuresa, chinyezi chimadutsa chikadali nthunzi n'kukasanduka madzi m'paipi. Paipi yomwe inagwiritsidwapo ntchito ndi zida zothiridwa oilo isalumikizidwe ku gani.

Nozo imasankhidwa potengera kukhuthala kwa chopoperedwacho. Utoto wa matabwa wamadzimadzi umafuna nozo ya mamilimita 1.0 mpaka 1.2. Lacquer ndi vanishi woonekera mkati amayenda bwino pa 1.3 mpaka 1.5. Sanding sealer ndi penti woyambira, omwe ndi okhuthala, amafuna 1.8 mpaka 2.0. Nozo, singano ndi chivundikiro zimagulidwa pamodzi ndipo zimasinthidwa pamodzi. Pogula gani m'pofunika kufunsa ngati zitatuzi zimapezeka pazokha, chifukwa gani yopanda masipeya imatayidwa singano ikangopindika.

Amisiri ambiri amayesa kukhuthala kwa vanishi pomiza kamtengo n'kuona mmene akudonthera. Diso lozolowera limatha ndithu, koma limasintha ndi tsiku. Chodalirika ndi kapu yoyesera ya DIN 4, ya mamililita 100 yokhala ndi bowo la mamilimita 4 pansi. Imadzazidwa, kenako amawerenga masekondi mpaka mtsinje wa vanishi utaduka. Lacquer wambiri amapoperedwa ali pa masekondi 18 mpaka 25, koma mawu omaliza ndi a wopanga vanishiyo, olembedwa pa chitini. Chosungunulira chikhale choyenerana naye: lacquer amafuna thina wa lacquer, vanishi wamafuta amafuna turpentine, wamadzi amafuna madzi oyera pang'ono. Petulo si thina. Lacquer asapoperedwe pamwamba pa vanishi wamafuta, chifukwa thina wake amadya vanishi wapansiyo n'kumukwinyitsa. Asanalowe m'kapu, vanishi asefedwe pa sefa ya penti kapena pa kansalu ka nayiloni, popeza kachidutswa kamodzi kokha kamatseka nozo.

Gani siibisa zolakwa za pa thabwa, imazionetsa. Mzere wa sandipepa wodutsa mopingasa, womwe sumaoneka thabwa lili louma, umaonekera poyera vanishi akawala. Thabwa lipalidwe motsatira mitsempha yake, kuyambira sandipepa wa 120, kenako 180, kumalizira 220, ndipo fumbi lichotsedwe lonse. Mitengo nayo ili ndi khalidwe lake. Mbawa ndi mlombwa zili ndi timabowo totseguka, moti vanishi amalowamo n'kusiya timaenje. Wofuna tebulo losalala kwambiri ayambe watseka timabowoto ndi phala lotsekera kapena ndi sanding sealer wopoperedwa kangapo n'kupalidwa. Paini wa ku Chikangawa amamwa utoto mosafanana, pena kuda pena kuyera, ndipo mfundo zake zimatulutsa utomoni umene umabowola penti. Mfundozo zipakidwe shellac, ndipo thabwa lonse lilandire sealer wopyapyala utoto usanafike. Thabwa losauma bwino lisapoperedwe n'komwe, chifukwa likamauma limakokana ndipo vanishi amang'aluka.

Kupopera kumayambira pa katoni, osati pa mpando. Mmisiri amaimika chidutswa cha katoni, n'kukoka chokokera kamphindi kamodzi gani ili chiimire. Chithunzi chotsala pa katonipo chimanena zonse. Chabwino chimakhala chachitali, chozungulira kunsonga, chonyowa mofanana kuyambira kumwamba mpaka pansi. Chikapindika mbali imodzi, bowo la pa kanyanga kamodzi latsekeka. Chikapyapyala pakati n'kunenepa kunsonga, mpweya wachuluka. Chikanenepa pakati n'kuchucha, mpweya wachepa kapena vanishi wakhuthala. Puresha iwerengedwe pa geji ya pa gani chokokera chili chokokedwa, ndipo ikwezedwe pang'onopang'ono mpaka timadontho takuthwa m'mbali titatha. Kupitirira pamenepo n'kungotaya vanishi.

Gani ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa thabwa, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndipo iyang'ane thabwa molunjika nthawi yonse. Dzanja lonse liyende kuchokera m'phewa. Ophunzira ambiri amaima pamodzi n'kumagwedeza mkono uku ndi uku ngati munthu wothirira dimba ndi kheni, ndipo zotsatira zake n'zakuti pakati pamachucha pomwe m'mbali mwauma mwamchengamchenga. Chokokera chikokedwe gani isanafike m'mphepete mwa thabwa, chisiyidwe itadutsa mphepete inayo. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wapitawo. Liwiro likhale limodzi, ndipo maso akhale pa thabwa pomwe vanishi akunyowa, osati pa gani. Nyale kapena kuwala kwa pa zenera kochokera chammbali kumathandiza kuona mphepete yonyowayo.

Dongosolo nalo ndi lofunika. Malo ovuta ndi obisika amayamba, oonekera kwambiri amamalizira. Tebulo limagadamitsidwa kuti miyendo ndi kunsi ziyambe, kenako mphepete, pamwamba pomalizira. Kabati imapoperedwa mkati thabwa lakumbuyo lisanakhomedwe, chifukwa m'bokosi lotsekeka nkhungu imabwerera kumaso kwa wopopera. Zitseko ndi madilowa zichotsedwe n'kugonekedwa, pakuti vanishi pa thabwa logona sachucha. Kupopera kopyapyala katatu kumaposa kokhuthala kamodzi. Lacquer amalola kubwereza pakapita mphindi 20 kapena 30, pomwe polyurethane wamafuta amafuna maola ambiri, nthawi zina usiku wonse. Pakati pake papalidwe mopepuka ndi sandipepa wa 320 kapena 400.

Nyengo imalowerera kwambiri. M'dzinja, ndiponso masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, lacquer amachita mbuu ngati wathiridwa mkaka. Thina akamauluka msanga amaziziritsa thabwa, chinyezi cha mumpweya n'kutera pa vanishi wosauma. Mankhwala ake ndi thina wochedwa kuuluka wotchedwa retarder, kapena kungodikira kuti kunja kuche bwino. Mu Okutobala vuto limatembenuka: timadontho timauma tili m'njira ndipo thabwa limakhakhala. Pamenepo ndi bwino kupopera m'mawa. Padzuwa penipeni sipoyenera, chifukwa thabwa lotentha limatulutsa mpweya wa m'timabowo take n'kutukusira vanishi timatuza. Fumbi la macheka ndi la mumsewu limathetsedwa popatula malo opoperera, kuwatchinga ndi pulasitiki, ndi kuwaza madzi pansi.

Vanishi akaoneka ngati khungu la lalanje, ndiye kuti ngokhuthala, kapena puresha yachepa, kapena gani inali kutali. Akachucha, gani inali pafupi kapena dzanja linachedwa. Pochucha pasapukutidwe pali ponyowa, paume kaye, kenako papalidwe ndi sandipepa wokulungidwa pa kathabwa. Timaenje tozungulira tomwe vanishi amathawa timabwera ndi oilo wa mu kompuresa kapena polishi wa silicone wotsalira pa mpando wakale.

Nkhani ya thanzi ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaitengera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mnyamata akupopera atangomanga mpango pamphuno. Mpango ndi kamasiki kapepala zimagwira fumbi, koma nthunzi ya thina imadutsa. Chofunika ndi masiki yamphira yokhala ndi zosefera za makala, za mtundu wa A zomwe zimakhala ndi mzere wabulawuni, pamodzi ndi sefa ya timadontho ya P2 kapena P3. Zoseferazi zimatha mphamvu ngakhale zili chikhalire, choncho zisungidwe m'chitini kapena m'pulasitiki yotseka, ndipo fungo likangomveka mkati mwa masiki zisinthidwe. Ndevu zimalepheretsa masiki kugwira bwino. Kumwa mkaka poweruka, monga ambiri amakhulupirira, sikutsuka mapapo. Thina amayambitsa mutu ndi chizungulire, ndipo pakapita zaka amawononga mitsempha ndi chiwindi. Choopsa koposa ndi vanishi wa 2K wosakaniza ndi cholimbitsira. Cholimbitsiracho chili ndi isocyanate, mankhwala oyambitsa mphumu, ndipo thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale pang'ono pokha pamadzutsa befu. Vanishi ameneyu amafuna masiki yolandira mpweya woyera kudzera m'paipi ndi chipinda chokoka mpweya kunja. Kumene zimenezi kulibe, ndi nzeru kusankha vanishi wamadzi, yemwe ndi wochepa ululu ngakhale nayenso amafuna masiki. Wovulazidwa ndi nozo ya airless, ngakhale bala lioneke ngati kobayidwa ndi singano, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa penti amakhala walowa mkati mwa mnofu ndipo chala chingadulidwe.

Nthunzi ya thina ndi yolemera kuposa mpweya. Imayenda pansipansi mpaka kukapeza mbaula, ndudu, kapena moto wa wowotcherera zitsulo pa shedi yoyandikana. Swichi ya kompuresa nayo imathetheka, n'chifukwa chake kompuresa iyenera kukhala kunja kwa malo opoperera, komwenso imakoka mpweya woyera. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed kapena vanishi wamafuta zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha, choncho ziyanikidwe chotambasula panja kapena zimizidwe m'madzi. Pakhomo pakhale chozimitsira moto chaufa ndi ndowa ya mchenga.

Gani imatsukidwa ntchito ikangotha. Vanishi wotsala amakhuthulidwa, m'kapu mumathiridwa thina woyenera, n'kukhutchumula ndi kupopera m'chitini mpaka thina atatuluka woyera. Pomasula, chivundikiro chimayamba, kenako singano imasololedwa kumbuyo, nozo n'kumasulidwa ndi sipanala yake. Pomanga, nozo imayamba singano isanalowe, kuti nsonga zisaphwanyane. Mabowo a chivundikiro atsukidwe ndi kabulashi kofewa kapena kamtengo kotokosera m'mano. Waya ndi msomali zimakulitsa bowo, ndipo gani yotero siidzapoperanso molunjika. Gani yonse isamizidwe mu thina, chifukwa timphira ta mkati timauma n'kuyamba kudontha. Kabowo ka pa chitsekero cha kapu kakhale kotseguka, pakuti kakatsekeka vanishi amatuluka modukizadukiza. Vanishi wa 2K akaumira mkati palibe thina amene angamusungunule, choncho nthawi yolembedwa pa chitini isapitirire. Thina wotsukira asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Akasungidwa m'chitini chotseka masiku angapo, zinyalala zimakhala pansi, ndipo wapamwambayo amagwiranso ntchito yotsukira ulendo wotsatira.